Atatu Pansi, Mmodzi Pamwamba

Ana anga, Mapalo ndi Tiyamike, si msana umene unandichotsa pa ntchito. Ndayambira pomwepa chifukwa ndikazisungira kumapeto ndidzazilumpha, ndimadzidziwa ine. Atate anu amati ndi msana, ambuya anu amati ndi msana, azimayi a ku mpingo anandibweretsera mpaka mafuta opaka. Msana umawawa ndithu, koma suwawa mpaka kupumitsa munthu ntchito ali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu. Pa kalata yondipumitsa analembapo matenda a nkhawa, ndipo kalatayo ndinaipinda n'kuibisa kuseri kwa satifiketi yanga, mu felemu ili pakhoma ija mumaiona tsiku ndi tsiku. Ngakhale adokotala amene analemba kalatayo sadziwa kumene nkhawayo inachokera. Inachokera kwa mayi mmodzi wa ku Kanyama, ba Esnart, ndi funso limene anandifunsa ine osaliyankha.

Anthu amalemba mbiri ya ntchito yawo atamera imvi, atachitiridwa phwando lotsanzikana. Ine ndikulemba iwe Mapalo uli giredi 3, Tiyamike asanayambe n'komwe sukulu. Ndinagwira zaka zisanu ndi ziwiri zokha, sindidziwa ngati zimenezo zikukwana kutchedwa mbiri. Koma ndikufuna mudzawerenge mukadzakula. Mwina inu mudzaona chimene ine ndalephera kuona.

Chaka choyamba, ku Chawama

Nditamaliza maphunziro a uphungu ku koleji, ananditumiza ku kiliniki ina ku Chawama. Ofesi yanga inali kachipinda kosungiramo makatoni. Mpando unali umodzi, ndiye ndinkaupereka kwa wodwala ine n'kukhala pa katoni ya magolovesi, imene inkaphwanyika pang'onopang'ono mmene mimba ya iwe Mapalo inkakula. Ndinkakwera minibasi ziwiri kuchokera ku Lilanda, ndipo m'chikwama changa simunkasowa pepala lina limene anatipatsa ku koleji, lofotokoza momwe ungathandizire munthu wamantha kukhazika mtima pansi. Ndinaliloweza ngati vesi la pamtima. Munthu agone chagada, aike manja pachifuwa, atseke maso, apume pang'onopang'ono, aganize kuti ali m'mbali mwa mtsinje madzi akuyenda mwakachetechete. Ku Chawama sindinaligwiritsepo ntchito ngakhale kamodzi. Mzere unkafika ku geti, ndipo m'kachipinda kaja munalibe poti munthu n'kugona. Koma ndinkalikhulupirira pepala limenelo. Ndinkadziuza kuti tsiku lina ndidzapeza malo ake.

Chaka chachitatu, mwezi wa Meyi

Anandisamutsira ku chipatala china chachikulu, dzina lake sinditchula, ku wodi ya azimayi odikira opaleshoni. Ambiri anali a khansa, ya bere kapena ya khomo la chiberekero. Mkulu wa wodiyo anali ba Sista Bwalya, mayi wamfupi, woyenda msanga, amene ankadya chakudya chamasana ataimirira. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Ndiwe Naomi wa pepa ya kukamba na banthu?"

"Ndine, ba Sista."

"Mvela. Kuno munthu ayembekeza deti ya opaleshoni miyezi na miyezi. Deti yafika, mantha yamugwila, bipi yakwela, ku fiyeta bamubweza. Abwelela kunyumba na matenda yake. Mankhwala ya bipi tipasa ise. Mantha ni yako. Wamvela?"

Ndinamva. Ogonetsa anthu ku fiyeta sankalola munthu amene magazi ake akuthamanga kwambiri, ndipo munthu akabwezedwa malo ake ankatenga wina, chifukwa odikira anali ambiri. Makina oyezera bipi anali amodzi, ogawana ndi wodi ya pafupi, moti m'mawa uliwonse kunali kuthamangitsana nawo, ndipo mabatire akatha ba Sista ankachotsa a mu wailesi yawo. Chipinda chokambiranamo kunalibe. Tinkakambira kuseri kwa katani, kapena m'kachipinda kosungira zofunda. Apa ndiye ndinatulutsa pepala langa lija. Azimayi ankandimvera mwaulemu, ankagona monga ndawauzira, koma ndikatembenuka pang'ono ndinkapeza diso limodzi latseguka likundiyang'ana. Sindinadziwe ngati zikuthandiza kapena ayi. Ndinkangolemba m'buku kuti wodwala wakhazikika, ndipo palibe anandifunsa kuti ndadziwa bwanji.

Chaka chachinayi, mwezi wa Novembala

Ba Esnart anabwera mvula yoyamba itangogwa. Anali mayi wa zaka za m'ma fifite, wamtali, wa mawu okhuthala a munthu amene moyo wake wonse wakhala akuitanira malonda. Bambo awo anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito, iwo anabadwira ku Kanyama, ndipo ankagulitsa tomato pa msika kumeneko kuyambira ali mtsikana. Sukulu sanapite nayo patali. Anali ndi chotupa m'bere lakumanzere. Mwana wawo Joyce, wogwira ntchito ya m'nyumba amene ankakhala ku komboni ya Ng'ombe, ndiye ankawaperekeza ndi kuwamasulira zimene adokotala ankanena m'Chingerezi.

M'mawa wa tsiku la opaleshoni bipi yawo inali pamwamba, ndipo ba Sista anandikodola. Ndinakoka katani.

"Gonani chagada, amai. Manja pachifuwa. Tsekani maso."

Anagona, kenaka anatsegula diso limodzi. "Iwe mwana, wayamba kale kunikonza monga mtembo? Chasala ni thonje m'mphuno."

Katani sitsekereza mawu. Wodi yonse inaseka, mpaka mayi wina amene anali ndi ulusi pamimba anapempha kuti asiye kumuseketsa. Ine manyazi ali tho, ndinapitiriza ndi pepala langa. Ndinati aganize kuti ali pafupi ndi mtsinje, madzi akubwera pang'onopang'ono. Anadzuka n'kukhala tsonga.

"Manzi? Ine wa ku Kanyama uniuza vya manzi mu Novemba? Manje wanikumbusa. Matilesi nasiya pansi, saka ya unga ili pansi. Joyce! Tumila foni baneba bakweze vinthu pa tebulo!"

Atawayezanso, bipi inali itakwera kuposa poyamba. Anawabweza. Ba Sista sanandikalipire, anangondiyang'ana, ndipo kuyang'ana kumeneko kunandipweteka kuposa mawu.

Masana ake, Joyce atapita kukatenga kalata ya deti ina, ndinapita kukapepesa. Ndinawapeza atakhala pa bedi, miyendo atatambasula, dzanja lawo likuyenda pa bulangete ngati akutola zinthu zosaoneka n'kumaziika pamodzi.

"Muchita chani, amai?"

"Nipanga milu."

"Milu ya chani?"

"Ya tomato, iwe. Uganiza ya golide?" Sanasiye, anapitiriza uku akukamba. "Kasitoma akanitukana, olo napeza bokosi yonse yaola, sinikamba na munthu. Nipanga milu. Atatu pansi, so, so, so. Manje wa pamwamba, uleka kupuma, chifukwa ukapuma kwanja kunjenjemela, agwa. Akankala, uchosa kwanja pang'ono pang'ono, ndiye upuma. Ukafika milu teni, mtima wabwela."

Ndinakhala n'kumawayang'ana. Poika atatu a pansi ankakoka mpweya, poika wa pamwamba ankaugwira, pochotsa dzanja ankautulutsa pang'onopang'ono mpaka mapewa kugwa. Chimene pepala langa linkafuna chinali chomwecho, koma apa panalibe kugona ngati maliro, panalibe kutseka maso, panalibe mtsinje. Ndinawapempha kuti andiphunzitse, ndipo anandiseka, koma anandigwira dzanja n'kuliyendetsa pa bulangete.

Kuchokera tsiku limenelo pepala la ku koleji silinatulukenso m'chikwama. Ndinkayamba ndi kufunsa mayi aliyense kuti manja ake amagwira ntchito yanji. Wogulitsa tomato kapena anyezi tinkapanga milu. Woluka tsitsi ankaluka mphonje za bulangete, kukoka mpweya popingasa, kutulutsa pomanga. Mayi wina wa ku Mtendere wochapira anthu zovala ankapinda kansalu kamodzi komweko kakhumi. Sindikunena kuti kupuma ndi mankhwala, ayi. Ena ankabwezedwabe. Koma ambiri ndinkaona ndi maso anga nsagwada zikumasuka, ndipo ena ankapita ku fiyeta dzanja likuyendabe pa nsalu. Manesi anayamba kunditchula ba Tomato. Ba Sista akaona bipi yakwera ankangoti, "Itanani wa milu." Ndinkanyada, ana anga. Imeneyo ndiyo miyezi yokha imene ndinkadzuka m'mawa mtima uli m'malo.

Deti yachiwiri ya ba Esnart inali mu Januwale, ndipo sanabwere. Madzi analowadi m'nyumba mwawo, minibasi zinasiya kufika kumene ankakhala, ndipo sanalole kusiya katundu wawo pa tebulo m'manja mwa anthu. Anawapatsa deti yachitatu, mu Malichi.

Chaka chachisanu, mwezi wa Malichi

Anagonekedwa Lachiwiri, opaleshoni Lachitatu. Ndinaona mu fayilo kuti chotupa chakula, ndipo adokotala analemba kuti asachedwenso. Ba Esnart anandilonjera ndi chisangalalo, akuuza a pa bedi la pafupi kuti uyu ndi mwana wanga wa sukulu, ndinamuphunzitsa ndine. Cha m'ma 3 koloko Joyce anandikoka mkono.

"Ba Naomi, nikambeko na imwe pang'ono."

Tinalowa m'kachipinda ka zofunda. Anatseka chitseko n'kuchitsamira.

"Amai sibaziba kuti bazachosa bele yonse."

"Ba dokota sibanakambe?"

"Banakamba vonse, mu Chizungu. Ine ninabauza ati bazachosa kachotupa chabe. Badinda na chala pa fomu."

Ndinati zimenezo si zoyenera kuchita, thupi ndi lawo. Joyce anagwada pansi, pakati pa mitolo ya mabulangete, mayi wamkulu wa msinkhu wanga.

"Mng'ono wao banamuchosa bele, chaka sichinasile anafa. Kuchokela apo amai banalumbila ati ine nizayenda kumanda na vonse vamene Mulungu ananipasa. Mukabauza, lelo lomwe bazamanga chitenge, mailo bali kwa mneneli ku komboni ya George kumwa manzi ya m'botolo. Nibaziba amai banga. Napapata, ba Naomi. Atate kulibe. Nili chabe na beve."

Ndinapita kwa ba Sista Bwalya. Ndinawapeza akuwerenga mabotolo a diripi amene sankakwana odwala a mawa lake. Ndinawafotokozera zonse. Anasiya kuwerenga, n'kukhala pansi, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita masana.

"Ngati ufuna, kamba na ba dokota," anatero. "Bazaimika opaleshoni, baitane munthu wina amasulile bwino. Ndiye lamulo, ndiye chilungamo. Amai baja bazakana, bayende. Bakasintha maganizo, deti ina ni Julai olo Ogasiti, ndipo iwe wabelenga fayilo." Anapukuta nkhope ndi dzanja. "Ine nankala muno zaka zambili, Naomi. Naona bamene tinauza bathaba, babwela banunkha. Naona bamene sitinauze, sibanakambe na bana bao mpaka kufa. Sinizakuuza vochita. Wamvela ni iwe."

Ndinatuluka ndikudziuza kuti ndikupita kwa adokotala. Ndipo ndinakumana nawodi, pa khonde lopita ku fiyeta, mnyamata wachifundo amene akanandimvera. Anati, "Ba Tomato, mailo munikonzele amai ba pa bedi sikisi, ai?" Ine ndinati, "Ee, ba dokota." Anadutsa. Ndinaima pomwepo n'kumayang'ana msana wawo mpaka anakhota. Mpaka lero sindidziwa ngati pamenepo ndinasankha kapena ndinangochita mantha. Ku koleji anatiphunzitsa kuti thupi la munthu ndi lake, asankhe yekha. Anatiphunzitsanso kuti tisachite chovulaza wodwala. Ziwirizi zinali pa tsamba limodzi, china pamwamba china pansi, ndipo palibe anatiuza kuti tsiku lina zidzakangana. Pobwerera kunyumba ndinapitirira siteji yanga, kondakitala anachita kundigwedeza paphewa. Ndinakupeza iwe Tiyamike ukulira njala, uli ndi miyezi isanu ndi itatu. Ndinakuika kubere, lakumanzere, n'kukusintha msanga kukuika kwina.

M'mawa wa Lachitatu bipi ya ba Esnart inali pamwamba. Wogonetsa anthu anati atipatsa theka la ola, ikapanda kutsika alowetsa wina. Joyce anaima kunja kwa katani. Ine ndinakhala m'mphepete mwa bedi, ndipo tinayamba. Atatu pansi, mmodzi pamwamba. Dzanja lawo ndi langa pa bulangete limodzi. Mulu woyamba mpweya unkadukaduka, wachitatu unayamba kutalika, wachisanu mapewa anagwa. Ndinkaona kuti zikutheka. Tili pa mulu wachisanu ndi chiwiri anaimitsa dzanja.

"Naomi."

"Amai."

"Kabala kazankala kang'ono, ai? Joyce akuti ni kachotupa chabe. Koma iwe ndiwe wa muno. Niuze iwe."

Pansi pa katani ndinkaona mapazi a Joyce, zala zitapindika mu patapata. Kutali ndinkamva mawilo a tolole akubwera. Sindinaname, ana anga, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza ndi zimenezo. Koma sindinanenenso zoona. Ndinati:

"Tiyeni tipange mulu wina, amai."

Anandiyang'ana. Sindidziwa kuti kunali kuyang'ana kwa nthawi yaitali bwanji, kwa ine kunali ngati chaka. Kenaka dzanja lawo linatsika pa bulangete. Tinamaliza milu khumi. Nesi anabwera ndi makina, anayeza, n'kumwetulira. Akuwakankha pa tolole anakweza dzanja n'kuuza wokankhayo kuti, "Uyu ni mwana wanga uyu."

Kuyang'ana kuja ndakutembenuza mbali zonse. Masiku ena ndimati anamva, munthu wochenjera ngati uja sakanalephera kumva kuti kusayankha ndi yankho, ndiye anasankha okha kupitiriza. Masiku ena ndimati ayi, anandikhulupirira, anaganiza kuti mwana wawo wa sukulu sangawabisire chinthu chachikulu chotero. Zonse ziwiri ndimazikhulupirira, china m'mawa china madzulo.

Lachinayi masana ndinalowa mu wodi ndikufuna kudutsa bedi lawo mwamsanga, koma anandiitana. Anali atatsamira mapilo, dzanja lamanja lili pa bandeji, pamalo pamene panali pathyathyathya. Joyce anali pa mpando maso atatupa, ndipo anamuuza kuti atuluke. Sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa.

"Unali kuziba."

"Ee, amai."

"Na pamene ninakufunsa."

"Ee."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapeza kuti bokosi limene anagula lili ndi owola pansi.

"Wanigoneka na tomato wanga," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Masiku onse amene anakhala mu wodi sanandilankhulenso. Ndikadutsa ankatseka maso.

Chaka chachisanu ndi chimodzi mpaka chachisanu ndi chiwiri

Ntchito inapitirira, ndipo ba Sista ankaitanabe wa milu. Koma china chake chinali chitathyoka. Ndikangoti atatu pansi, dzanja langa linkaima pa bulangete. Ndinkayang'ana mayi amene ndikumukhazika mtima pansi n'kumadzifunsa kuti kodi uyu akudziwa chimene akupita kukachitidwa? Nanga ine ndikumuthandiza, kapena ndikungomufewetsa kuti asavute? Ndinayamba kufunsa aliyense, kawiri, katatu, kuti adokotala anakuuzani chiyani, mpaka ena ndinkawaopsa ndine, bipi n'kukwera chifukwa cha mafunso anga. Ba Sista anandiitanira pambali n'kunena kuti, "Naomi, manje ndiwe ufunika milu." Tinaseka, koma sizinali zoseketsa. Mtima unkandigunda popanda chifukwa, kawiri anandipeza nditakhala pansi m'kachipinda ka zofunda ndikulephera kupeza mpweya. Ine amene ndinkaphunzitsa anthu kupuma. Anandipatsa tchuthi, ndinabwerera, anandipatsanso china, ndipo pamapeto pake anandipumitsa.

Chimene chimandisokoneza kwambiri n'chakuti ba Esnart ali moyo. Analandira mankhwala ena onse otsatira, tsitsi linathothoka n'kumeranso, anabwerera pa msika. Joyce anabereka mwana wamkazi ndipo ambuya ake anamunyamula. Joyce yemweyo anabwera ku wodi ndisanachoke, atanyamula chitenge chatsopano chondithokoza. Anati amai ake anakhala miyezi itatu osamulankhula, kenaka tsiku lina anangomutuma mchere, nkhani n'kuthera pomwepo, sanaitchulenso. Chitenge chimenecho chili m'sutikesi, sindinachivalepo. Ba Esnart akanamwalira ndikanadziwa kuti ndinalakwa pachabe. Akanandithokoza ndikanadziwa kuti ndinachita bwino. Koma ali moyo ndipo sanandithokoze, ndiye ndiime pati?

Chaka chino, mwezi watha

Ndinauza atate anu kuti ndikupita m'tauni kukaonetsa msana. Ndinakwera minibasi ya ku Kanyama. Sindinkadziwa pamene pali tebulo lawo, koma nditafunsa za ba Esnart a tomato, mayi wogulitsa makala anandilozera osatembenuka n'komwe. Ndinawaona ndili patali. Anali ataonda pang'ono, mawu ali omwe aja, akukangana ndi kasitomala amene ankafuna mbasela, kaja kowonjezera kamene wogula amapempha. Mbali yakumanzere ya bulauzi anaikamo kansalu kopinda, kankaoneka kokwera pang'ono kuposa mbali inayo. Kasitomala atachoka anakweza maso.

"Ba Tomato," anatero. Sanamwetulire, sanakwiye.

Ndinali nditakonza mawu m'minibasi monse, koma atangonditchula choncho zinandiyamba. Mtima unathamanga, msika unayamba kuzungulira, mpweya unakana kulowa. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo, milu iwiri inagumuka, tomato n'kugubuduzikira m'matope.

"Iwe, uzanigwesela malonda yonse. Nkala apa." Anakankha kireti ndi phazi, n'kundikhazika ndi dzanja limodzi, lamphamvu ngati kale. Anatenga tomato anayi m'beseni n'kuwaika pa thabwa patsogolo panga. "Panga."

Ndinaika atatu. Wa pamwamba anagwa. Ndinayesanso, anagwanso. Apa m'pamene ndinazindikira kuti zaka zonse zija ndinkapanga milu pa bulangete, sindinapangepo mulu wa tomato weniweni.

"Ona uyu," anauza mnzawo wa tebulo la pafupi. "Anali kuphunzisa chipatala chonse, kansi saziba na kupanga mulu. Leka kupuma pa wa pamwamba, iwe. Ee. Manje chosa kwanja. Pang'ono pang'ono. Puma."

Wa pamwamba uja anakhala. Tinapanga wina, ndi wina. Iwo ankagumula, ine n'kumanganso. Pofika wachisanu ndi chimodzi msika unaima malo amodzi, ndinayamba kumva fungo la makala ndi la nsomba zouma, ndi wailesi ya munthu wina. Ndinapukuta maso ndi mkono.

"Amai," ndinatero, "nabwela kufunsa chinthu chimozi chabe. Tsiku ija, ninalakwa?"

Anandiyang'ana, kuyang'ana komwe kuja kwa pa bedi sikisi. Anapukuta manja pa chitenge. Anakonza kansalu ka mu bulauzi kamene kanali katatsetsereka. Kenaka anagumula mulu umene ndinali nditangomaliza, n'kukankhira tomato anayi aja kwa ine.

"Tiye tipange mulu wina," anatero.

Ndinapanga. Nditamaliza kunabwera makasitomala awiri, iwo anatembenukira kwa iwowo, ndipo ine ndinanyamuka. Sindidziwa ngati anandikhululukira kapena anandibwezera. Mwina anafuna ndilawe mmene zimamvekera kufunsa ndi mtima wonse n'kupatsidwa tomato. Mwina nawonso yankho alibe.

Ndiye ndikufunsa inu, ana anga, ndi wina aliyense amene pepala ili lidzamufike m'manja. Musandiyankhe mondimvera chisoni chifukwa ndine mayi wanu. Mudziike pa bedi lija, theka la ola likutha, mapazi a Joyce ali pansi pa katani, tolole ikubwera, mayi wakugwirani dzanja akuti niuze iwe. Ine ndinati tipange mulu wina. Kodi ndinachita bwino?